Kodi tena wa opera yopepuka angasamukire ku opera yaikulu?

Funso: Ndili ndi zaka 24 ndipo ndakhala ndikuimba tena m'kwaya ya kumpingo kwathu kuyambira ndili kusekondale. Chaka chatha ndinayamba kuphunzira kaimbidwe ka opera. Aphunzitsi anga akuti mawu anga ndi opepuka, oyenera masewero a nthabwala, ndipo akundikaniza nyimbo zamphamvu zija za mafumu ndi nkhondo zimene ine ndimazikonda. Kodi tena si tena basi? Alipo amene anayambira ku zanthabwala n'kukafika ku opera yaikulu?

Yankho: Alipo, achimwene, ndipo ndikusimbirani za mmodzi amene njira imeneyi anaiyenda yonse, anthu akuonerera. Dzina lake Gustave-Hippolyte Roger, wa ku Paris, anabadwa mu 1815 n'kumwalira mu 1879. Koma tisanafike kwa iye tiwongole kaye chinthu chimodzi. M'funso lanu ndikumva ngati mukuganiza kuti kuli opera yosekera ndi opera yolirira, yoyambayo ya anyamata, yachiwiriyo ya madoda. Ku France, kumene mayina awiriwa, opéra comique ndi grand opéra, anakhwimira, nkhani sinali choncho.

Mu Paris wa zaka za m'ma 1830 munali nyumba ziwiri zikuluzikulu zoimbiramo masewero m'Chifalansa. Ku Opéra-Comique sewero linkayenda mosinthana: anthu alankhule monga m'chisudzo chilichonse, kenako aimbe, kenako alankhulenso. Kulankhulako ndiko kunkapatsa sewero dzina loti opéra comique, osati kuseketsa. Ambiri mwa masewerowo anali osangalatsadi, othera paukwati, koma lamulo silinali limenelo. Carmen ya Bizet inayambira ku Opéra-Comique komweko mu 1875, ndipo imathera pa mwamuna kubaya mkazi ndi mpeni. Ku Opéra, kumene nthawi imeneyo kunali mumsewu wa Le Peletier, kulankhula kunalibe. Ngakhale kutuma munthu kuti atseke chitseko, ankachita kuimba. Sewero lotchedwa grand opéra kawirikawiri linkakhala ndi zigawo zisanu, nkhani yotengedwa m'mbiri ya maiko, kwaya ya anthu ochuluka, ovina pakati, malipenga, ng'oma, ndi chinthu china choopsa kumapeto, kaya phiri kuphulika kaya anthu kuphedwa mumsewu. Munthu ankakhala pampando maola anayi kapena kuposa.

Choncho zinali ntchito ziwiri, osati makalasi awiri a sukulu imodzi. Tena wa ku Opéra-Comique ankafunika akhale katswiri wa zisudzo weniweni, wodziwa kuponya nthabwala pa nthawi yake, woyenda mopepuka pansanja, wotha kuchoka pa kulankhula n'kulowa m'nyimbo popanda omvera kumva msoko. Zimenezi musazipeputse. Yesani kulankhula mokweza kwa mphindi zisanu m'holo yaikulu popanda chimkuzamawu, kenako nthawi yomweyo muyambe nyimbo yofewa pa noti yam'mwamba. Kulankhula kumatsitsa mawu pansi, kumaumitsa kukhosi, ndipo nyimbo imakupezani musanakonzeke. Alipo oimba amawu ngati bingu amene pamenepa amagwa chagada.

Sewero limene linali mwala wapangodya wa nyumba imeneyi ndi La dame blanche la Boieldieu, la mu 1825, lomwe pofika 1862 linali litaseweredwa kokwana 1,000 ku Opéra-Comique. Tena wake ndi Georges Brown, msilikali wachinyamata amene wafika ku Scotland osadziwa kuti nyumba yachifumu yomwe ikugulitsidwa pamsika ndi ya makolo ake. Pali malo ena pamene ali yekha usiku m'nyumbamo, akuitana mkazi wovala zoyera amene anthu a m'mudzi amati ndi mzukwa. Nyimbo imeneyo ndi yokopa, yonyengerera, imakwera m'mwamba ngati utsi, ndipo ukaiimba mokuwa wayipha. Pamafunika mawu amene Afalansa amati voix mixte, kusakaniza mawu a pachifuwa ndi a m'mutu mpaka womvera asadziwe pamene ena athera ndi pamene ena ayambira. Roger ankadziwika kwambiri ndi mbali imeneyi, ndipo ndikupemphani musunge mfundo imeneyi, tiibwereranso.

Chodabwitsa n'chakuti poyamba ngakhale ku Opéra ankaimba ndi mawu osakanizawa. Mfumu ya matena kumeneko anali Adolphe Nourrit, wobadwa mu 1802, wophunzira wa Manuel García wamkulu. Masewero amene anakhazikitsa grand opéra, pafupifupi onse anayamba ndi iyeyo: La muette de Portici mu 1828, Guillaume Tell mu 1829, Robert le diable mu 1831, La Juive mu 1835, Les Huguenots mu 1836. Ndipo m'chaka chomwecho cha 1828 anaimbanso Le comte Ory ya Rossini, sewero lanthabwala lenileni, mmene tena amavala ngati sisitere kuti alowe m'nyumba ya mkazi amene akumufuna. Munthu mmodzi, mawu amodzi, ankatha zonse ziwiri, chifukwa noti zam'mwamba ankazifikira mopepuka, ndi mawu a m'mutu olimbitsidwa bwino. Kwa Nourrit funso lanu likadakhala lopanda tanthauzo kwenikweni.

Amene anasintha zinthu ndi Gilbert Duprez, ndipo nkhani yake mwina ikusangalatsani chifukwa iyenso anayamba ndi mawu opepuka. Anaimba koyamba ku Odéon, nyumba ina ya zisudzo ya ku Paris, mu 1825 monga Almaviva m'sewero la Rossini la wometa wa ku Seville, anayesa Georges Brown ku Opéra-Comique mu 1828, anthu osatekeseka naye. Anapita ku Italy. Ku Lucca mu 1831 anapatsidwa mbali ya Arnold mu Guillaume Tell, mbali yodzaza noti zam'mwamba pamwamba pa malipenga, ndipo m'malo mozipepukitsa anazikankha ndi mphamvu yonse ya pachifuwa, mpaka C wam'mwamba. Inu amene munakulira pa solofa, muganize za d wapamwamba m'kiyi ya C, amene matena ambiri a m'kwaya amangomufika ndi timawu tachikazi. Noti imeneyi imanjenjemera pafupifupi ka 523 pa sekondi imodzi. Mu 1835 Donizetti anamupatsa mbali ya Edgardo poyambitsa Lucia di Lammermoor ku Naples, ndipo mu April 1837 anabwerera kwawo, naimba Arnold ku Opéra. Paris inapenga. Rossini, mwini nyimbo, zimanenedwa kuti sanakondwere nazo, anati noti imeneyo ikumveka ngati tambala wofulidwa amene akumudula pakhosi. Koma amene amagula matikiti si wopeka nyimbo ayi. Anthu atamva kamodzi, sanafunenso zakale.

Nourrit sanapirire kugawana nsanja ndi munthu wotere. Anachoka ku Opéra mu 1837, napita ku Italy kukasula mawu ake mwatsopano kuti afanane ndi a mnzakeyo, ali ndi zaka zoposa 35. Anataya kufewa kumene anali nako, mphamvu imene ankaifuna osaipeza mokwanira. Sewero limene Donizetti anamulembera, Poliuto, akuluakulu a ku Naples analiletsa mu 1838 chifukwa linkaonetsa zachipembedzo pansanja. Pa 8 March 1839 Nourrit anadziponya kuchokera pamwamba pa nyumba imene ankagona ku Naples. Sindikunena kuti anafa chifukwa cha noti imodzi; munthuyo ankadwala, m'thupi ndi m'maganizo momwe. Koma kusiya mawu ako kuti uvale a munthu wina kunali mbali ya katundu amene anamulemera.

Duprez nayenso analipira. Anayambitsa masewero akuluakulu, Benvenuto Cellini ya Berlioz mu 1838, La favorite mu 1840, Dom Sébastien mu 1843, Jérusalem ya Verdi mu 1847, koma zaka khumi zisanathe mawu anali atayamba kuphwa, ndipo pofika 1849 anali atatsika pansanja ya Opéra, ali ndi zaka 42 zokha. Anakhala ndi moyo mpaka 1896. Pafupifupi theka la moyo wake analikhala ngati mphunzitsi.

Tsopano tifike kwa Roger. Pamene Paris inkapengera Duprez mu 1837, iye anali mnyamata wa zaka 21 ku Conservatoire, sukulu yaikulu ya nyimbo ya ku Paris, kumene chaka chomwecho anapata mphoto zoyamba. Mu 1838 analowa ku Opéra-Comique ndi L'éclair ya Halévy, ndipo anakhala kumeneko zaka khumi. Zaka zimenezo ndizo zinali zamafuta. Auber anamulembera mbali m'masewero otsatizana, La part du diable mu 1843, La sirène mu 1844, Haydée mu 1847. Halévy anamupatsa Les mousquetaires de la reine mu 1846. Anali wooneka bwino, wanzeru, wodziwa kuyenda pansanja, mawu ake okoma ndi omveka bwino liwu lililonse. Pa 6 December 1846 Berlioz anamusankha kuimba Faust pamene La damnation de Faust inkamveka koyamba, m'holo ya Opéra-Comique yomweyo. Anthu anabwera ochepa, Berlioz anagwa m'ngongole mpaka anapita ku Russia kukafuna ndalama, koma kusankhako kukusonyeza kuti opeka nyimbo ankaona mwa Roger zoposa mnyamata wokopa atsikana. Mu 1848 anazungulira Britain pamodzi ndi woimba wamkazi Jenny Lind, amene panthawiyo analibe wofanana naye pa kutchuka.

Ndiye kunabwera chiitano chimene tena aliyense wa nthawi imeneyo ankachilota. Wopeka nyimbo wamkulu Meyerbeer anali atasunga sewero lake latsopano, Le prophète, kwa zaka zingapo, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali kusowa oimba amene ankawafuna. Duprez anali atatha. Anasankha Pauline Viardot kukhala mayi, Fidès, ndi Roger kukhala mwana wake, Jean wa ku Leyde. Sewero linayamba pa 16 April 1849, Roger ali ndi zaka 33.

Ndifotokozeko zimene mbali imeneyi imafuna, chifukwa mayankho ambiri a funso lanu ali pamenepa. Nkhani yake yatengedwa pa zimene zinachitika ku Münster, ku Germany, mu 1534 ndi 1535, pamene gulu la Anabaptist linalanda mzinda n'kulonga mfumu yawoyawo. Jean akuyamba ngati mwini kanyumba kogulitsiramo zakumwa, wokonda amayi ake ndi bwenzi lake Berthe, ndipo nyimbo yake yoyamba yaikulu ndi yofewa, yachikondi, imene tena wa ku Opéra-Comique angaiimbe ali m'tulo. Meyerbeer ankadziwa munthu amene ankamulembera. Koma kumapeto kwa chigawo chachitatu Jean yemweyo waima pamaso pa asilikali amene akufuna kumuukira, akuwadzudzula, akuwagwaditsa, kenako akuwatsogolera m'nyimbo yachipambano, kwaya yonse ndi zida zonse zili kumbuyo kwake, dzuwa likutuluka. Dzuwa limenelo analipanga ndi nyali yamagetsi, chinthu chachilendo kwambiri pansanja mu 1849, ndipo m'chigawo chomwecho ovina ankatsetsereka pa nsapato zamateyala ngati ali pa madzi oundana. Chigawo chachinayi ndi m'kachisi wamkulu, akumuveka chisoti chaufumu: limba, kwaya ya ana, gulu lina la malipenga litaima pansanja penipeni. Mayi ake, amene asanduka wopemphapempha, akumuzindikira n'kufuula kuti uyu ndi mwana wanga. Akavomera, aphedwa onse awiri. Ndiye akuuza omutsatira kuti asolole malupanga, amubaye ngati mayiyu abwereza mawu akewo, n'kumuyang'ana mayiyo m'maso mpaka mayi akana mwana wake. Pamenepa Roger ankapambana, chifukwa ndi ntchito ya maso ndi nkhope, zimene anaziphunzira zaka khumi kunyumba ina ija. Kenako chigawo chachisanu, ataimba kale maola atatu, akuyenera kuimbanso nyimbo yaphwando mwamphamvu nyumba isanaphulike.

Sewero linayenda bwino zedi, ndipo Roger anatchuka nalo. Anapitiriza ku Opéra ndi L'enfant prodigue ya Auber mu 1850, Le Juif errant ya Halévy mu 1852, mpaka Herculanum ya Félicien David mu 1859. Koma olemba mbiri ya oimba amagwirizana pa chinthu chimodzi: mawu ake anali opepuka pa ntchito imeneyi, ndipo inawadya. Ankakwanitsa ndi nzeru, ndi luso la zisudzo, ndi kudziwa pobisala ndi potulukira, koma chida chenichenicho chinkaperewera, ndipo usiku uliwonse ankatapa m'nkhokwe. Ku Germany, kumene anapitako kangapo ndipo ankamukonda kwambiri, mbali imene anthu ankaikumbukira inali Georges Brown yemwe uja. Munthu anawoloka msewu kupita kunyumba yaulemu, koma chimene dziko linamusungira mumtima ndi nyimbo yonyengerera mzukwa usiku.

Mathero ake ndi omvetsa chisoni mwa njira ina. Mu 1859 ali kosaka nyama, mfuti inamuvulaza, ndipo madokotala anadula dzanja lake lamanja. Anamupangira dzanja lochita kupanga, naimba nalo kwa zaka zingapo, makamaka ku Opéra-Comique kumene anachokera. Kuyambira 1868 mpaka imfa yake anali mphunzitsi wa kaimbidwe ku Conservatoire.

Mwina mukufunsa kuti chimene chimadya mawu n'chiyani kwenikweni, popeza noti ndi zomwezo. Zoonadi, tena wa La fille du régiment ya Donizetti, imene inayambira ku Opéra-Comique mu 1840, amamenya C wam'mwamba kasanu ndi kanayi m'nyimbo imodzi, kuposa mbali zambiri za grand opéra. Luciano Pavarotti anatchukira pamenepo, ku Covent Garden ku London mu 1966 ndi ku Metropolitan Opera ku New York mu 1972. Koma ma C amenewo ndi odumpha, ukhudza n'kuchoka, ndipo zida zoimbira zili pansi, zikungokuperekeza. Chimene chimapha si kutalika kwa noti. Ndi kulemera kwake, ndi nthawi imene ukhala pamalo ovuta. Mawu a tena ali ndi pokhotera, cha pa F ndi F sharp pamwamba pa C wapakati, pamene Ataliyana amati passaggio. Pamenepo timinofu ta m'kholingo timasinthana ntchito, ndipo mawu amafuna kupepuka kuti akwere. Nyimbo za opera yaikulu zimakukhazika pamalo amenewa kwa mphindi zambiri, mokweza, malipenga akulira noti zomwezo. Wamawu olemera mwachibadwa amadutsapo ali ndi zotsala. Wamawu opepuka amayamba kukankha mpweya, kutsitsa kholingo mokakamiza kuti mawu ade, kukulitsa pakati. Akatero kwa miyezi, zam'mwamba zimayamba kuthawa, mawu ofewa amasowa, ndipo noti yaitali imayamba kugwedezeka ngati mlatho wa nsungwi.

Palinso china chimene oimba achinyamata sachikhulupirira mpaka atachiona. Kumveka pamwamba pa zida 80 si nkhani ya kukuwa. Wofufuza wa ku Sweden, Johan Sundberg, anasonyeza kuti oimba opera aamuna ophunzitsidwa bwino amakhala ndi kuwala kwina m'mawu, cha pa 3,000 Hz, ndiko kuti kunjenjemera ka 3,000 pa sekondi imodzi, pamene zida zoimbira zilibe mphamvu zambiri. Kuwala kumeneko ndiko kumaboola n'kukafika kumpando wakumbuyo. Tena wopepuka amene ali nako amamveka bwino kuposa wamawu akulu amene alibe. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ukayamba kudetsa mawu mokakamiza kuti umveke ngati ngwazi, chinthu choyamba kutayika ndi kuwala komweko. Kwa iwe mwini, m'mutu mwako, umamva ngati mawu akula. Amene wakhala kumbuyo kwa holo akumva ngati ukuimbira m'mtsuko.

Ndinaphunzitsapo mnyamata wina wamawu ngati anu, okwera mosavuta, oyera. Anapita kutchuthi n'kubwerako atamvera matepi a matena akuluakulu usana ndi usiku. Atangotsegula pakamwa ndinaona mtsempha wa pakhosi utatupa, chibwano chitakanikizidwa pansi, mapewa atakwera. Anaimba mokweza ndithu, ndipo anandiyang'ana monyadira. Ndinamupempha aimbe G wam'mwamba motsitsa, ngati akugoneka mwana. Panatuluka mpweya wokhawokha. Anayesanso, mawu anathyoka pakati. Miyezi iwiri yapitayo noti imeneyo ankaiimba akumanga zingwe za nsapato. Zinatitengera pafupifupi theka la chaka kuti ibwerere, ndipo masabata oyamba ndinamuletsa ngakhale kutsogolera nyimbo pamaliro, chinthu chimene abale ake sanandikhululukire msanga.

Tsono kodi njira ndi yotsekeka? Ayi. Mawu a mwamuna amapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 30, ena mpaka 40, ndipo ena amalemera okha popanda kuwakakamiza. Gregory Kunde wa ku America, wobadwa mu 1954, anakhala zaka zambiri akuimba Rossini, Bellini ndi Donizetti, nyimbo zothamanga ndi zokwera. Otello ya Verdi, imene ndi imodzi mwa mbali zolemera kwambiri za tena, anaiyamba ku Venice mu 2012, ali ndi zaka 58, ndipo anapitiriza kuiimba m'nyumba zikuluzikulu. Pavarotti anasamukira pang'onopang'ono ku mbali zolemerako, koma Nemorino wa L'elisir d'amore, mnyamata wopusa wakumudzi amene amagula vinyo poganiza kuti ndi mankhwala achikondi, sanamutaye mpaka ukalamba. Otello anangoiimba pa konsati mu 1991, osavala zovala zake pansanja. Kusiyana kwa anthu awa ndi Nourrit n'kwakuti iwo anatsatira mawu kumene ankapita, pamene Nourrit anawakoka kupita kumene msika unkafuna. Roger ali pakati: anaitanidwa ndi wopeka nyimbo wamkulu wa nthawi yake, amene anamusokera mbaliyo pathupi, ndipo ngakhale zinali choncho inamuthina. Ine ndikadakhala Roger mu 1848, ndikuganiza kuti ndikadavomeranso. Meyerbeer akagogoda pakhomo, ndani angayankhe kuti kulibe anthu? Koma cholakwika chinali kukhalitsa kumeneko zaka khumi, kuimba mbali zolemera zimene sizinalembedwere iye.

Ndipo ndikufuna muchotse m'mutu maganizo oti kukhala tena wopepuka ndi kutsalira. Juan Diego Flórez wa ku Peru anamanga dzina lake lonse pa Rossini ndi Donizetti, ndipo mu 2007 ku La Scala, nyumba ya opera ya ku Milan, anthu anamuumiriza kubwereza nyimbo ya ma C asanu ndi anayi ija, chinthu chimene nyumba imeneyo inali itasiya kulola kwa zaka zambirimbiri. Kufupi ndi kwathu kuno, Levy Sekgapane wa ku Kroonstad ku South Africa, amene anaphunzira ku University of Cape Town, anapambana mpikisano wa Operalia mu 2017 ndi mawu a mtundu womwewu, ndipo ntchito yake yaikulu ku Ulaya ndi Rossini. Dziko lomwelo linatulutsa Johan Botha, amene anamwalira mu 2016, tena wa Wagner ndi Verdi wamawu ngati mtsinje wosefukira. Onse awiri ndi matena, koma mutawasinthanitsa mbali zawo mungawononge onse. Komanso pa nkhani ya ntchito, masewero monga Il barbiere di Siviglia, la wometa wa ku Seville lija, ndi L'elisir d'amore amaseweredwa chaka chilichonse pafupifupi kulikonse kumene kuli nyumba ya opera, pamene grand opéra ya Meyerbeer masiku ano imaoneka mwa apo ndi apo chifukwa imadya ndalama zambiri. Amene amatha kuthamangitsa mawu ndi kuseketsa anthu sasowa pogwira.

Sindinakumveni mukuimba, choncho sindingaweruze pakati pa inu ndi aphunzitsi anu. Aphunzitsi amalakwitsanso, alipo matena amene anayamba akuuzidwa kuti ndi mabaritoni, ndipo Carlo Bergonzi anaimbadi ngati baritoni kwa zaka zingapo asanasinthe mu 1951. Ngati mukukayika, pitani kwa mphunzitsi wachiwiri akumveni, ndipo muwauze aphunzitsi anu kuti mukutero, musachite mobisa. Koma pa zaka 24, ndi chaka chimodzi chokha cha maphunziro, ngakhale mutakhala kuti mudzakhala tena wamphamvu m'tsogolo, nyimbo zimene akukupatsani panopa ndi zomwezo zimene ine ndikadakupatsani. Mozart, Donizetti wopepuka, nyimbo zakale za Chitaliyana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zoyesera zimene mungachite nokha ndi izi. Mukatha kuimba nyimbo imene mukuikonda ija, yesani nthawi yomweyo kuimba noti ya pa passaggio motsitsa kwambiri, n'kuikuza pang'onopang'ono, n'kuitsitsanso. Ikatuluka yoyera, nyimboyo sinakupwetekeni. Ikakana, mwatapa m'nkhokwe. Mawa lake m'mawa mverani mawu anu olankhulira: ngati asasa, kapena atsika kuposa masiku onse, thupi lakuyankhani kale. Dzijambuleni ndi foni itaikidwa kumapeto kwa tchalitchi, osati pafupi ndi pakamwa, chifukwa foni yapafupi imanamiza aliyense kuti ndi ngwazi. Ndipo kusasa mawu kukapitirira masabata awiri kapena atatu, kaonaneni ndi dokotala wa makutu, mphuno ndi kukhosi kuti akayang'ane m'kholingo. Kagalasi koyang'anira mmenemo anakatchukitsa ndi mphunzitsi wa kaimbidwe, Manuel García wamng'ono, mu 1854, mwana wa García uja anaphunzitsa Nourrit ndiponso mlongo wake wa Pauline Viardot.

Chimodzi chokha chokhudza kwaya yanu. M'makwaya athu matena amakhala ochepa, ndipo amene ali ndi mawu abwino amasenza mzere wonse, kukuwa kuti aphimbe anzake anayi amene akusochera. Ndikuganiza kuti inu ndinu ameneyo. Maola awiri a pulakatisi yotere Lachisanu, kenako mapemphero awiri Lamulungu, akhoza kufafaniza zonse zimene mwaphunzira sabata imeneyo. Kambiranani ndi akwayamasitala, muwapemphe kuti muziima pakati pa mzere osati kumapeto, kuti anzanu akumvereni pafupi m'malo moti inu muziwakuwira, ndipo nyimbo ikabwerezedwa kachitatu pa pulakatisi, inu muziimba ndi theka la mawu.